Njerewere Zosamva Mankhwala: Mmene Madokotala Amadzutsira Chitetezo cha M'thupi ndi Mankhwala Opaka

Munthu amene wakhala ndi njerewere kuphazi kwa zaka zitatu, amene wapaka asidi mpaka khungu kuyera mbuu, ndiponso waziwotchetsa kuchipatala kangapo konse koma n'kumaphukanso pamalo omwewo, akafika kwa dokotala wa khungu amayembekezera kuti ulendo uno azidula basi. Ndiye amadabwa dokotala akamuuza kuti apinde mkono wa malaya, n'kumupaka kadontho ka mankhwala chakumtunda kwa mkono, kufupi ndi kukhwapa, kutali ndi phazi limene likumusowetsa mtenderelo. Amadabwa kwambiri akamva kuti cholinga cha kadonthoko n'chakuti thupi lake liyambe kudana ndi mankhwalawo, kuti pakapita masiku angapo pamalopo payabwe, patupe pang'ono, mwina patuluke timatuza, ndipo kuti zikatero ndiye kuti zinthu zayenda bwino.

Anthu ambiri akamva zimenezi amafunsa funso lomveka ndithu, lakuti dokotala angayambitse bwanji dala ziwengo pa munthu amene wabwera kudzafuna machiritso. Njira imeneyi madokotala amaitcha topical immunotherapy, kutanthauza chithandizo chopaka pakhungu chimene ntchito yake ndi kudzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chilimbane chokha ndi matenda. Mankhwalawo payekha sapha kachilombo koyambitsa njerewere, ndipo sawotcha njerewere monga amachitira asidi. Kuti zimenezi zimveke, m'pofunika kuyamba tadziwa chimene njerewere ili ndi chifukwa chake thupi limatha kuilekerera kwa zaka zambiri ngati kuti palibe chilichonse.

Kachilombo kodziwa kubisala

Njerewere zimayamba ndi kachilombo kotchedwa HPV, kamene kali ndi mitundu yoposa 200. Mitundu ina, monga 2, 27 ndi 57, imakonda kuyambitsa njerewere za m'manja ndi m'zala, mtundu 1 umapezeka kawirikawiri pa njerewere zozama za kuphazi, mitundu 3 ndi 10 imabweretsa tinjerewere tafulati tosalala timene timaoneka kumaso ndi kuseri kwa manja, pamene mitundu 6 ndi 11 ndi imene imayambitsa njerewere zambiri za kumaliseche. Mitundu 16 ndi 18, imene imatchuka chifukwa cha khansa ya khomo la chiberekero, ndi ya banja lomweli, koma si imene imayambitsa njerewere wamba za m'manja ndi kumapazi, choncho munthu amene ali ndi njerewere pachala asaganize kuti wagwidwa ndi kachilombo ka khansa.

Kachilomboka kamalowa kudzera pa kachilonda kakang'ono kapena pokalika pamene maso sangaone n'komwe, n'kukakhala m'maselo a pansi pa chikopa chapamwamba cha khungu, pamene maselo atsopano amabadwira. Kakafika pamenepo kamachititsa maselowo kuchulukana mopitirira muyezo, ndipo mulu wa khungu lolimba umene umatsatirapo ndi umene timauona n'kuutcha njerewere. Timadontho takuda timene timaoneka pakati pa njerewere, makamaka ikapalidwa pamwamba, ndi timitsempha ta magazi ting'onoting'ono timene taundana. Anthu ena amati ndi mbewu kapena mizu ya njerewere, koma njerewere ilibe mizu yolowa mumnofu. Ya kuphazi imaoneka yozama chifukwa chakuti kulemera kwa thupi kumaikankhira m'kati munthu akamayenda.

Chimene chimapangitsa kachilomboka kukhala kovuta ndi kufatsa kwake. Tizilombo tambiri tikalowa m'thupi timayenda m'magazi, timaphulitsa maselo, timabweretsa kutentha thupi ndi kutupa, ndipo phokoso lonselo limaitana asilikali a m'thupi kuti abwere msanga. HPV sichita zimenezi. Simalowa m'magazi, simaphulitsa selo limene yakhalamo, ndipo tizilombo tatsopano timapangidwira m'maselo a pamwamba amene akupita kale kokafa, n'kutuluka limodzi ndi khungu limene limafunduka tsiku ndi tsiku. Kuwonjezera apo, kachilomboka kamapanga mapuloteni amene amachepetsa zizindikiro zimene selo lodwala limaonetsa panja popempha thandizo, ndiponso amafooketsa interferon, yemwe ndi mankhwala achilengedwe amene maselo amatulutsa pochenjezana kuti kwalowa kachilombo. Zili ngati wakuba amene walowa m'nyumba osathyola chitseko, osagwetsa kanthu, n'kukhala phee m'chipinda chimene mlonda sapitako kawirikawiri. Mlondayo ali maso ndipo mphamvu ali nazo, koma palibe chamuuza kuti ayang'ane kumeneko.

Ngakhale zili choncho, nthawi zambiri thupi limadzazindikira lokha. Mwa ana, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a njerewere amatha okha pasanathe zaka 2 popanda mankhwala alionse, ndipo nthawi zina njerewere zonse zimatha pa nthawi imodzi, ngati kuti wina wazisesa. Kutha kwa pamodziku ndi umboni waukulu wakuti chimene chimachotsa njerewere ndi chitetezo cha m'thupi chikangozindikira mdani wake. Umboni wina ndi wakuti anthu amene chitetezo chawo chatsika, monga amene ali ndi HIV koma sakulandira chithandizo chokwanira, kapena amene anawaika impso ya munthu wina ndipo akumwa mankhwala ofooketsa chitetezo, amakhala ndi njerewere zambiri, zikuluzikulu ndi zamakani.

Pamene njira zanthawi zonse zalephera

Njira zimene madokotala amayamba nazo ndi zowononga khungu limene lili ndi kachilombo. Asidi wotchedwa salicylic acid amapakidwa tsiku lililonse, munthu atanyika njerewere m'madzi ofunda ndi kupala khungu lakufa, ndipo pamafunika kupirira mpaka milungu 12. Njira ina ndi yoiumitsa ndi nayitirojeni wamadzi amene amazizira kufika madigiri 196 pansi pa ziro, ndipo imabwerezedwa pakapita milungu iwiri kapena itatu. Palinso kupala ndi kachitsulo, kuwotcha ndi magetsi kapena ndi laser. Njira zonsezi zimathandiza anthu ambiri, ndipo palibe chifukwa chozinyozera.

Vuto lake n'lakuti kachilomboka kamakhalanso m'khungu la m'mbali mwa njerewere limene limaoneka labwinobwino, choncho ukachotsa chimene ukuona, chimene sukuona chimatsala n'kuphukanso. Pali malo enanso amene kuwononga khungu kumabweretsa mavuto akeake. Njerewere zozungulira chikhadabo zikawotchedwa kwambiri, pamene chikhadabo chimamerera pakhoza kuwonongeka, chikhadabocho n'kupindika mpaka kalekale. Kuphazi, chipsera chotsala pambuyo pa opaleshoni chikhoza kupweteka poyenda kuposa mmene njerewereyo inkapwetekera. Ndipo munthu akakhala ndi njerewere makumi angapo, kapena zija zimalumikizana n'kuphimba chidendene chonse, kuziwotcha imodzi ndi imodzi ndi ululu umene mwana, ngakhale wamkulu amene, sangaupirire mobwerezabwereza. Madokotala sagwirizana onse pa tanthauzo lenileni la njerewere zamakani, koma kawirikawiri amanena zimene zakhala nthawi yaitali ndipo sizinamve njira ziwiri kapena kuposerapo zimene zinatsatidwa bwino.

Kuyambitsa phokoso pamene wakuba wabisala

Maganizo a chithandizochi ndi akuti ngati kachilombo sikakuchita phokoso, phokosolo tilichite ife, pamalo enieni pamene kabisala. Njira yochitira zimenezi inachokera ku vuto limene anthu ambiri amalidziwa, la khungu limene limadana ndi chinthu chinachake. Ena akavala ndolo kapena wotchi yokhala ndi chitsulo cha nickel amatuluka zidzolo zoyabwa pamene chitsulocho chakhudza, ndipo ena zimawachitikira ndi mankhwala odetsera tsitsi. Zidzolo zotere sizituluka nthawi yomweyo, koma pakapita tsiku limodzi, awiri kapena atatu, chifukwa amene amazibweretsa ndi asilikali a m'thupi otchedwa maselo a T, amene amafunika nthawi kuti asonkhane pamalopo.

Mankhwala a chithandizochi ndi timadontho ta kemikolo imene ikalowa pakhungu imamatirira ku mapuloteni a khungulo n'kuwasintha maonekedwe, moti thupi limawaona ngati achilendo. M'khungu muli maselo olondera, ena mwa iwo otchedwa maselo a Langerhans, amene amatola chachilendocho n'kupita nacho ku timitsempha ta chitetezo ta m'khwapa kapena m'mphechepeche, timene tikatupa timati mwanabele. Kumeneko maselo a T amaphunzitsidwa kuzindikira kemikoloyo, amachulukana, ndipo ena amakhala okumbukira kwa zaka zambiri. Ntchito yophunzitsayi imatenga masiku 10 mpaka 14. Kuyambira pamenepo, paliponse pamene kemikoloyo yakhudza khungu, asilikaliwo amathamangirapo ambirimbiri.

Tsopano kemikoloyo ikapakidwa pa njerewere, asilikali amabwera kudzalimbana ndi kemikolo, koma amafikira pakati pa maselo odzaza ndi HPV. Kutupa kumene kumachitika kumabweretsa mankhwala achilengedwe ochenjeza amene kachilombo kanali katawatsekereza, maselo ena odwala amawonongeka, ndipo zidutswa za kachilombo zimaonekera poyera. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti mumpungwepungwe umenewu thupi limaphunziranso kuzindikira HPV yeniyeniyo. Chimene chimalimbikitsa maganizo amenewa n'chakuti mwa odwala ena njerewere zimene sizinapakidwe n'komwe, za kudzanja lina kapena kuphazi lina, zimathanso. Chimenechi n'chimene asidi kapena mpeni sizingalonjeze, ndipo ndi chifukwa chachikulu chimene njirayi imakopera madokotala pa odwala amene ali ndi njerewere zambiri.

Makemikolo atatu

Sikuti kemikolo iliyonse yoyambitsa ziwengo ingagwire ntchitoyi. Iyenera kukhala yamphamvu moti pafupifupi munthu aliyense ayambe kudana nayo, komanso iyenera kukhala yosapezeka m'zinthu zimene anthu amakhudza pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Mfundo yachiwiriyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa kudana ndi kemikolo kukangoyamba sikutha msanga, ndipo kukanakhala kulakwa kwakukulu kuphunzitsa thupi kudana ndi chinthu chimene chili mu sopo, m'nsapato kapena mu utoto wa zovala.

Yoyamba kugwiritsidwa ntchito pa njerewere, m'zaka za m'ma 1970, inali dinitrochlorobenzene, imene mwachidule amati DNCB. Inkathandiza, koma itayesedwa pa mabakiteriya m'njira yotchedwa Ames test inapezeka kuti imasintha chibadwa cha maselo, zimene zinabweretsa nkhawa ya khansa, ndipo madokotala ambiri anaisiya. M'malo mwake munalowa ziwiri zimene sizinaonetse vuto limeneli pa kuyesa komweko. Ina ndi squaric acid dibutyl ester, kapena kuti SADBE, imene imawonongeka msanga ikakumana ndi chinyezi ndipo imafunika kusungidwa m'firiji. Inayo ndi diphencyprone, kapena kuti DPCP, imene ndi yofala kwambiri masiku ano, ndipo imawonongeka ndi kuwala, n'chifukwa chake imasungidwa m'mabotolo oderako. Makemikolo awiriwa amagwiritsidwanso ntchito pa matenda a alopecia areata, amene amathothola tsitsi n'kusiya zigamba zozungulira m'mutu.

Chofunika kuchidziwa n'chakuti DPCP ndi SADBE si mankhwala amene kampani inawalembetsa n'kumawagulitsa m'machubu monga mafuta opaka ena. Amasungunulidwa mwapadera ndi akatswiri osakaniza mankhwala, kawirikawiri m'madzi ouma msanga otchedwa acetone, pa milingo yosiyanasiyana, ndipo amapezeka makamaka m'zipatala zimene zili ndi madokotala a khungu odziwa kuwagwiritsa ntchito. N'chifukwa chake chithandizochi sichipezeka paliponse, ndipo kachitidwe kake kamasiyana pang'ono chipatala ndi chipatala.

Mmene chithandizo chimayendera

Pa ulendo woyamba dokotala kapena namwino, atavala magolovesi, amanyika kathonje ka pakamtengo mu DPCP wamphamvu, kawirikawiri wa 2 peresenti, n'kupaka kamalo kakang'ono ngati kachikhadabo ka chala, nthawi zambiri m'kati mwa mkono chakumtunda, pamene chipsera kapena banga silingaonekere. Madokotala ena amasankha kupaka pa njerewere pomwepo kuyambira tsiku loyamba. Acetone amauma m'kanthawi kochepa, ndipo pamalopo amamatapo pulasitala amene sayenera kunyowa kapena kuchotsedwa mpaka patapita tsiku limodzi kapena awiri. Masiku oyamba pamakhala popanda chilichonse, ndipo wodwala akhoza kuganiza kuti mankhwalawo sanagwire. Kenako, mlungu woyamba ukamatha kapena wachiwiri uli m'kati, kamaloko kamayamba kunyerenyesa, kamatupa pang'ono, kamatuluka tizidzolo, ndipo pa khungu loyera kamafiira pamene pa khungu lakuda kamada kwambiri kapena kuoneka kofiirira. Chimenecho ndicho chizindikiro chakuti thupi laphunzira. Pali anthu ochepa amene thupi lawo siliphunzira ngakhale atawapaka kachiwiri kapena kachitatu, ndipo kwa iwo njirayi singagwire ntchito.

Ikatha milungu iwiri, chithandizo chenicheni chimayamba. Dokotala amayamba wapala khungu lolimba la pamwamba pa njerewere ndi kampeni, makamaka ngati ili kuphazi, kuti mankhwala athe kulowa, kenako amapaka mosamala pa njerewere pokha osagwetsera pakhungu la m'mbali. Pano amayamba ndi mlingo wochepa kwambiri, mwina 0.01 kapena 0.1 peresenti, chifukwa thupi limene laphunzira kale likhoza kuyankha mwaukali ngakhale ku mankhwala osungunuka chotere. Amaphimba pamalopo, ndipo wodwala amalangizidwa kuti asasambepo, asakande ndiponso asaonetse padzuwa kwa maola amene chipatala chanena, kawirikawiri 24 mpaka 48, kenako atsukepo ndi sopo.

Luso lonse la chithandizochi lili pa kupeza mlingo woyenera munthu aliyense. Chimene dokotala akufuna ndi kuyabwa kopiririka ndi kutupa pang'ono kumene kumakhala tsiku limodzi kapena awiri n'kuzilala. Ngati wodwala wabwera n'kunena kuti sanamve kanthu, mlingo umakwezedwa. Ngati wabwera ndi matuza akuluakulu ndipo sanagone chifukwa cha kuyabwa, mlingo umatsitsidwa kapena ulendo umodzi umadumphidwa. Khungu la kuphazi ndi la m'chikhatho, popeza ndi lokhuthala, limafuna mlingo wokwera, nthawi zina kuposa 2 peresenti uja, pamene khungu la kuseri kwa dzanja limamva ndi wochepa. Pa chifukwa chimenechi, zimene wodwala amafotokoza akabwerera ndi mbali ya chithandizo, ndipo amene amabisa ululu pofuna kuti zithe msanga, kapena amene amati sanamve kanthu pamene anamva, amadziika pa ngozi ya kupsa kwambiri ulendo wotsatira.

Kupakako kumabwerezedwa pakapita mlungu umodzi mpaka inayi, ndipo odwala ambiri amafunika maulendo angapo pa miyezi ingapo. Njerewere siigwa tsiku limodzi ayi. Imayamba kuphwa, imachepa m'mbali, nthawi zina imada, mpaka tsiku lina dokotala akapala sapezanso timadontho takuda tija. Ngati papita miyezi yambiri kuyabwa kukuchitika bwinobwino koma njerewere sizikusintha, dokotala ndi wodwala amakambirana zosiya n'kuyesa njira ina. Ubwino umene makolo ambiri amauyamikira ndi wakuti kupaka kwenikweniko sikupweteka, mosiyana ndi nayitirojeni amene amaliritsa ana ndi kuwachititsa kuopa chipatala.

Imiquimod ndi njira zina zofanana

Pali mankhwala ena opaka amene amadzutsanso chitetezo koma mwa njira ina, osayamba aphunzitsa thupi kudana nawo. Dzina lake ndi imiquimod, ndipo anavomerezedwa ku United States mu 1997 kuti azithandiza pa njerewere za kunja kwa maliseche. Amagwira kachipangizo kotchedwa TLR7 ka pa maselo olondera, kamene mwachibadwa kamamva kukalowa kachilombo, ndipo maselowo amatulutsa interferon ndi mankhwala ena ochenjeza. Wa 5 peresenti munthu amapaka yekha kunyumba katatu pa mlungu pogona, n'kutsuka pakapita maola 6 mpaka 10, kwa nthawi yosapitirira milungu 16. Amagwira bwino pa khungu lopyapyala ndi lofewa, koma pa njerewere zolimba za m'manja ndi kumapazi salowa mokwanira, moti madokotala akamuyesa kumeneko amamuphatikiza ndi kupala kapena salicylic acid, ndipo zotsatira zake n'zosadalirika kwenikweni. Ogwiritsa ntchito kumaliseche ayenera kudziwa kuti mafutawa amafooketsa kondomu.

Njira ina imene anthu amaisokoneza ndi imeneyi ndi yobaya jakisoni m'kati mwa njerewere, pogwiritsa ntchito zinthu zimene thupi limazidziwa kale, monga zidutswa za fangasi wa Candida, katemera wa MMR woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri, kapena mankhwala oyezera TB pakhungu. Maganizo ake ndi omwewo oitana asilikali pamene pali kachilombo, kungoti kumeneko ndi kubaya osati kupaka. Katemera wa HPV nayenso ndi nkhani ina. Ntchito imene anamuvomerezera ndi yoteteza munthu asanatenge kachilombo, ndipo mitundu ina ya katemerayu imateteza ku njerewere za kumaliseche, koma sanavomerezedwe ngati mankhwala ochotsera njerewere zimene zilipo kale.

Umboni ulipo wochuluka bwanji

Malipoti ochokera m'zipatala zosiyanasiyana amaonetsa ziwerengero zotalikirana, ena akupeza kuti amene anachira sanafike theka, ena akupeza oposa 80 pa odwala 100 alionse. Ziwerengero zokwerazo n'zolimbikitsa, makamaka tikakumbukira kuti odwalawo anali atalephera kale njira zina, koma ziyenera kuwerengedwa mosamala. Ambiri mwa malipotiwa analibe gulu lofananizira limene linapakidwa mankhwala opanda mphamvu, ndipo popeza njerewere zimatha zokha, n'kovuta kudziwa kuti ndi angati akanachira ngakhale popanda chithandizo pa miyezi imeneyo. Malipoti ena amawerenga okhawo amene anamaliza chithandizo, kusiya amene analekera panjira chifukwa cha zidzolo kapena kutopa ndi maulendo, ndipo zimenezi zimakweza chiwerengero.

Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zachipatala, mu 2012 linapeza kuti DNCB inathandiza kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi mankhwala opanda mphamvu, koma umboniwo unachokera ku akafukufuku awiri aang'ono a anthu 80 onse pamodzi. Malangizo a bungwe la madokotala a khungu la ku Britain a mu 2014 anaika salicylic acid patsogolo, nayitirojeni pambuyo pake, ndipo chithandizo cha makemikolo odzutsa chitetezo anachiika m'munsi mwa ziwirizo potengera mphamvu ya umboni. Kunena mwachilungamo, njirayi ili ndi maziko omveka ndipo madokotala odziwa aiona ikuchiza anthu amene anali atataya mtima, koma siinayesedwe mozama monga mmene ziwerengero zotchuka zija zingachititsire munthu kuganiza. Malo ake oyenera ndi pambuyo pa njira zosavuta, osati patsogolo pake.

Mavuto amene angabwere

Popeza chithandizochi ndi kuyambitsa dala zidzolo, vuto lofala kwambiri ndi lakuti zidzolozo zipitirire muyezo. Pamatha kutuluka matuza odzaza madzi, pamalo popaka kapena pa kamalo koyamba ka kumkono kaja, kamene nthawi zina kamadzukanso ngakhale sikanakhudzidwe. Mankhwala akafika kwina kudzera m'zala, monga munthu akakanda njerewere kenako n'kugwira kumaso kapena m'zikope, zidzolo zimatulukanso kumeneko, ndipo mwa anthu ochepa zimafalikira thupi lonse. Mwanabele wa m'khwapa kapena m'mphechepeche ndi wofala, ena amamva kuphwanya m'thupi ndi kutentha ngati chimfine, ndipo ena ochepa amatuluka ziwengo zotupa. Zambiri mwa zimenezi zimatha mankhwala akaimitsidwa ndi kupaka mafuta ochepetsa kutupa a steroid amene dokotala wapereka, koma kutupa kwa milomo kapena nkhope, kubanika, kapena zidzolo zofalikira msanga zimafunika kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Vuto limene liyenera kukambidwa momasuka chithandizo chisanayambe ndi kusintha kwa mtundu wa khungu, chifukwa limakhudza kwambiri anthu a khungu lakuda. Pamene panatupa pakhoza kutsala banga lakuda kwambiri limene limatenga miyezi kuti lizilale, kapena mawanga oyera pamene maselo opanga mtundu wa khungu awonongeka, ndipo oyerawa nthawi zina sabwerera mwakale. Munthu amene ali kale ndi matenda a mawanga oyera otchedwa vitiligo, kapena amene m'banja mwawo muli matendawa, ayenera kumuuza dokotala. Ngozi imeneyi ilinso pa nayitirojeni, amene amadziwika ndi kusiya zigamba zoyera pa khungu lakuda, choncho si nkhani yakuti njira ina ndi yopanda vuto, koma yakuti wodwala adziwe chimene akusankha, makamaka njerewere zikakhala poonekera.

Anthu a m'nyumba nawonso ayenera kutetezedwa. Kemikolo imene yaphunzitsa thupi la wodwala ikhoza kuphunzitsanso la mwana amene wagwira pulasitala wochotsedwa kapena la mnzake wogona naye, ndipo n'chifukwa chake pamalopo pamaphimbidwa, pulasitala amatayidwa mosamala, ndipo ogwira ntchito m'chipatala sagwira botolo ndi manja okha. Zipatala zina zimalola odwala osankhidwa bwino kupaka okha kunyumba mlingo wochepa umene dokotala wawapatsa, koma kugula kemikoloyi pa intaneti n'kumadziyesera wekha ndi ngozi yeniyeni, popeza kusiyana kwa mlingo wothandiza ndi wowotcha kuli pa tizigawo ta peresenti timene munthu sangatiyeze kunyumba.

Amene ayenera kusamala kwambiri

Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi amene akufuna kutenga pakati posachedwa sapatsidwa DPCP kapena SADBE, chifukwa palibe kafukufuku wokwanira wotsimikizira kuti mwana sangavulale. Anthu amene khungu lawo lili kale ndi zidzolo zambiri zoyabwa amafunika kuti zimenezo zichire kaye. Njerewere za kumaso ndi kumaliseche kawirikawiri sizipakidwa makemikolo amenewa chifukwa khungu la kumeneko limatupa mwaukali. Odwala shuga amene mapazi awo anachita dzanzi kapena magazi sayenda bwino m'miyendo ayenera kusamala ndi chithandizo chilichonse chimene chingasiye tuza kapena chilonda kuphazi.

Pali chinthu chomvetsa chisoni pa anthu amene chitetezo chawo n'chotsika. Iwo ndi amene amavutika kwambiri ndi njerewere zamakani, koma chithandizo chimene chimadalira chitetezo sichingawathandize modalirika monga ena, ngakhale kuti ena mwa iwo amathandizika ndithu. Munthu wamkulu amene njerewere zamuchulukira mwadzidzidzi kapena sizikumva chilichonse amachita bwino kuyezetsa magazi kuti adziwe mmene chitetezo chake chilili, ndipo amene ali ndi HIV apitirize kumwa ma ARV mokhulupirika pamene akulandira chithandizo cha pakhungu.

Chithandizo chisanayambe, dokotala ayeneranso kutsimikiza kuti chotupacho ndi njerewere. Khungu lolimba la kuphazi lobwera chifukwa cha kukhuzika ndi nsapato limapweteka ukalikanikiza pamwamba ndipo mizere ya khungu imadutsa pamwamba pake, pamene njerewere imapweteka kwambiri ukaitsina m'mbali ndipo mizere ya khungu imadukira pa malire ake. Choopsa koposa n'chakuti mitundu ina ya khansa ya pakhungu, kuphatikizapo melanoma ya kuphazi ndi pansi pa chikhadabo imene imagwiranso anthu a khungu lakuda, ikhoza kuoneka ngati njerewere yamakani. Chotupa chimodzi chimene chikukula, chikutuluka magazi pachokha, chasanduka chilonda kapena chasintha mtundu, makamaka mwa munthu wachikulire, chimafunika kudulako kachidutswa kuti kakaunikidwe ku labotale asanapakepo chilichonse.

Mizere ya khungu yomweyo ndi imene dokotala amayang'ana pa ulendo womaliza. Akapala pamene panali njerewere n'kuona kuti timizere ta chala kapena ta phazi talumikizananso kuchokera mbali ina kufika mbali ina, popanda kadontho kakuda, amaimitsa mankhwala n'kumuuza wodwala kuti abwerenso pakapita miyezi ingapo kudzaonetsa ngati palibe yaphukanso. Kudana kwa thupi ndi kemikoloyo kumatsala kwa zaka zambiri, mwina moyo wonse, choncho dzina la mankhwalawo ndi mlingo umene unagwira ntchito zimalembedwa m'buku la wodwala la kuchipatala, kuti dokotala wina aliyense amene angadzafune kumupakanso asadzayambe ndi mlingo wamphamvu wa tsiku loyamba uja.